Ndakatulo za Basavanna: ndiyambire pati kuti ndizimve ndi kuziika m'Chichewa?

Nachisale_wa_Ndakatulo analemba:

Moni nonse. Kagulu kathu kakukonza tsiku lolakatula ndakatulo za mayiko ena m'Chichewa, ndipo ine andipatsa Basavanna, mlakatuli wa chiyankhulo cha Kannada ku India. Ndili ndi ndakatulo zake zingapo m'Chingerezi, kuphatikizapo ija ya olemera omanga akachisi. Thandizeni pa izi. Zaka zake zikusiyana, ena akuti anabadwa mu 1105, ena 1131, ndiye nditenge ziti? N'chifukwa chiyani ndakatulo iliyonse ikuthera pa dzina limodzimodzi lalitali lija? Nanga zimenezi ndi nyimbo zachipembedzo kapena ulaliki, ndiziimba kapena ndizilakatula? Mawu akuti sthavara ndi jangama nawonso andiimitsa mutu.

Mkoko_wa_Mbiri anayankha:

Achemwali, pa zaka musataye nthawi. Akatswiri ena amati anabadwa cha mu 1105 n'kumwalira mu 1167 kapena 1168, ena amati 1131 mpaka 1196. Pamaso pa anthu ingonenani kuti anakhala m'zaka za m'ma 1100, ndipo ntchito yake yaikulu inachitika cha m'ma 1160, mu ulamuliro wa mfumu Bijjala II. Pamenepo palibe angakutsutseni.

Kusiyanaku kumabwera chifukwa mbiri yake timaitenga kwa alakatuli omwe ankamulemekeza ngati woyera, osati kwa alembi a zaka. Woyandikira nthawi yake ndi Harihara, amene analemba Basavarajadevara Ragale, koma mwa zigawo zake 25 zatsala 13 zokha. Kenako Palkuriki Somanatha analemba Basava Purana m'chiyankhulo cha Telugu, ndipo Bhima Kavi anaiika m'Kannada mu 1369. Mabukuwa amasiyana ngakhale pa nkhani zazikulu. Mwachitsanzo, mwana wamwamuna wa m'banja la Brahmin, gulu lapamwamba la ansembe achihindu, amavekedwa chingwe chopatulika chodutsa paphewa. Basava Purana imati Basava anakana kuvekedwa ali ndi zaka 8, pomwe kwa Harihara anachidula yekha ali ndi zaka 16. Umboni wa pamwala ulipo: mawu ozokotedwa ku Arjunawada, m'boma la Belagavi, a mu 1260, amamutchula pamodzi ndi banja lake la ku Bagewadi.

Mzere wa moyo wake umene ambiri amavomereza ndi uwu. Anabadwira m'dera la Bagewadi, kumpoto kwa chigawo cha Karnataka, m'boma la Vijayapura. Bambo ake anali Madarasa, mayi ake Madalambike. Atasiya mwambo wa makolo anapita ku Kudalasangama, pamene mtsinje wa Malaprabha umathira mu Krishna, ndipo anaphunzira kumeneko kwa zaka zingapo. Anakwatira Gangambike, mwana wa malume ake Baladeva amene anali nduna ya Bijjala, ndipo anali ndi mkazi wina dzina lake Nilambike. Anayamba ntchito yowerengera chuma, n'kukwera mpaka kukhala msungichuma wa mfumu. Bijjala anali wa banja la Kalachuri, ndipo analanda mzinda wa Kalyana kwa mafumu a Chalukya amene poyamba ankawatumikira. Mzindawu lero ndi Basavakalyan, m'boma la Bidar.

Apa ndi pamene ndikufuna mugwirepo. Munthuyu sanali wodzipatula wokhala m'phanga. Masana anali pa mabuku a chuma cha mfumu yolanda ufumu, madzulo nyumba yake inkadzaza ndi ochapa zovala, osoka nsapato, ofufuta zikopa ndi owolotsa anthu pabwato, akudya pamodzi. M'dziko limene munthu ankabadwira m'gulu lake, lotchedwa jati, ndipo chakudya chokhudzidwa ndi wa gulu lotsika chinkayesedwa chodetsedwa, kudyera pamodziko kunali kuputa akuluakulu. N'chifukwa chake m'ndakatulo zambiri mudzamumva akudzidzudzula yekha, akudandaula ndi mtima wake wosakhazikika, akuyankha omunyoza kuti amagwirira ntchito mfumu ya dziko. Mukamumasulira ngati mphunzitsi wodekha wogawa malangizo, mwamutaya.

Mathero ake, monga mwambo umasimbira, anali oopsa. Madhuvarasa, wobadwa m'banja la Brahmin, anapereka mwana wake wamkazi kwa mwana wa Haralayya, wosoka nsapato. Onse awiri anali atalowa gulu la Basava, ndiye kwa iwo panalibe choletsa. Osunga mwambo wakale anakadandaula kwa mfumu, ndipo azibambo awiriwo anakolowoledwa maso n'kukhwekhwerezedwa m'misewu mpaka kufa. Mzinda unasokonekera, Bijjala anaphedwa, otsatira Basava anabalalika. Basava anabwerera ku Kudalasangama kumene anamwalirira. Mphwake Channabasavanna anatsogolera ena kuthawira ku Ulavi, m'nkhalango za Uttara Kannada. Posimba zimenezi muziyamba ndi "mwambo wa Lingayat umati" (a Lingayat ndi otsatira Basava a masiku ano), chifukwa mabuku a anthu a chipembedzo cha Jain amasimba mosiyana ndipo amaika mlandu pa Basava. Chotsimikizika n'chakuti ufumu wa Bijjala unatha cha mu 1167 kapena 1168, n'kulowa mwana wake Sovideva.

Ku Kudalasangama manda ake, otchedwa Aikya Mantapa, alipo mpaka lero. Madzi a damu atakwera anawamangira khoma lozungulira ngati chitsime chachikulu, moti munthu amatsika masitepe kuti akafike pamandapo, mtsinje uli mbali zonse.

Dzina nalonso lili ndi nkhani. Basava ndi ng'ombe yamphongo, ndipo omutsatira amati iye ndi Nandi, ng'ombe ya mulungu wachihindu Shiva, wobadwa ngati munthu. "Anna" ndi mkulu wako wamwamuna. Choncho Basavanna ndi "achimwene Basava", monganso Akka Mahadevi ndi "achemwali Mahadevi".

Gogo_Chalera anayankha:

Mwana wanga, a Mkoko akupatsani moyo wake, ine ndilowe m'ndakatulomo.

Ndakatulozi zimatchedwa vachana, kutanthauza "chonenedwa". Alakatuli a Kannada a m'mbuyomo, monga Pampa wa m'zaka za m'ma 900, ankalembera mafumu m'kalembedwe kolemera ka champu, kosakaniza nkhani ndi mavesi owerengedwa bwino, kodzaza ndi mawu a Sanskrit, chiyankhulo chakale cha ophunzira. Vachana ilibe muyeso wa mavesi, ilibe kugwirizana kwa mawu kumapeto kwa mzere. Ndi munthu akuyankhula ndi wina m'chiyankhulo cha pamsika. Chimene chimaigwira kuti isamwazike ndi kubwereza kamangidwe ka chiganizo, kuika zinthu ziwiri zotsutsana pafupi, ndi dzina lotsekera lija.

Dzinalo limatchedwa ankita. Mlakatuli aliyense anali ndi lake, dzina la Shiva monga iye ankamudziwira, ndipo limagwira ntchito ya siginecha. La Basava ndi Kudalasangamadeva, "mulungu wa pokumana mitsinje". La Allama Prabhu ndi Guheshvara, la Akka Mahadevi ndi Chennamallikarjuna, la Dasimayya wowomba nsalu ndi Ramanatha. Musalichotse. Mukhoza kulisiya momwe liliri, ndipo lilime lathu silivutika nalo: Ku-da-la-sa-nga-ma-de-va, "nga" wake ngati wa mu "nganga", osati "ng'a". Mukafuna kulimasulira, "Mbuye wa Pokumana Mitsinje" ikukwana, koma sankhani njira imodzi n'kuisunga m'ndakatulo zonse.

Tsopano ija ya akachisi. M'Kannada imayamba "Ullavaru shivalaya maduvaru" ndipo imatha "sthavarakkalivuntu, jangamakkalivilla". Ine ndingaiike chonchi:

Ali nazo amamangira Shiva akachisi.
Nanga ine mmphawi ndichitenji, Bambo?
Miyendo yangayi ndiyo nsanamira,
thupili ndiye kachisi,
mutuwu ndiwo mtsuko wagolide wa pansonga.
Tamvani, Mbuye wa Pokumana Mitsinje:
choima chili ndi mathero, choyenda chilibe.

Ndifotokoze zisankho zinayi. "Ullavaru" si "olemera" kwenikweni, ndi "amene ali nazo", ndipo Chichewa chimanena chimodzimodzi. Chachiwiri ndi "ayya", kamawu kobwera kumapeto kwa mizere yambiri. Ndi mawu oitanira bambo wako kapena munthu wamkulu. Mukati "Atate" kapena "Ambuye" paliponse, omvera adzamva ngati pemphero la kutchalitchi ndipo adzaiwala kuti tili ku India. "Bambo" amasunga ulemu ndi kuyandikana komwe. Chachitatu ndi kalasha. Pansonga pa denga la kachisi amakhazikapo chinthu chooneka ngati kamtsuko, kamkuwa kapena kagolide, konyezimira dzuwa likawomba. Mukati "denga" mwataya kufanana kwake ndi mutu wa munthu, womwe ndi wobulungira ndipo uli pamwamba pa zonse.

Chachinayi ndi funso lanu lija. Sthavara ndi chinthu chozikika pamalo amodzi: kachisi wamiyala, ndi linga, mwala woimira Shiva, yoimikidwa m'katimo. Jangama ndi chilichonse choyenda, komanso ndi dzina la wopembedza woyendayenda amene amafika pakhomo pako ali ndi njala. Mzere womalizawo ndi wouma kwambiri: "alivu" ndi kuwonongeka, "untu" ndi "kulipo", "illa" ndi "kulibe". Cholakwika chofala ndi kumasulira kuti "zadziko zidzatha, zauzimu ndi zamuyaya". Ayi. Chimene Basava akuti sichitha ndi thupi loyenda ndi miyendo, la munthu amene aliyense akudziwa kuti adzafa, ndipo chimene akuti chidzatha ndi mwala. Kudabwitsa kwa ndakatuloyi kwagona pamenepo, ndiye musakusalaze.

Kutsutsana komweku mukuona m'vachana ina: akaona njoka yosema pamwala amati ithireni mkaka, akaona njoka yeniyeni amati ipheni, akafika jangama wakudya amati choka, koma linga yosadya amati ipatseni chakudya. Muisankhe imeneyi, omvera adzaimva kamodzi kokha.

Ina yodziwika kwa mwana wasukulu aliyense ku Karnataka imayamba "Kalabeda, kolabeda". Ili ndi zoletsa 7: usabe, usaphe, usaname, usakwiye, usanyansidwe ndi ena, usadzitame, usanyoze amene uli naye. Kenako imati kumeneku ndiko kuyera kwa m'kati, kumeneku ndiko kuyera kwa kunja, imeneyi ndiyo njira yokondweretsera Kudalasangamadeva. Kachidutswa ka "-beda" kamalozera munthu mmodzi womuzolowera, ka ulemu kapena ka ambiri ndi "-bedi". Ndiye lembani "usabe", osati "musabe". Mizere itatu yomalizayo musaidule poganiza kuti ndi yongobwereza. Popanda iyo zatsala ngati malamulo a pakhoma, pomwe mfundo yake ndi yakuti kuyera sikuchokera m'kusamba kwa mwambo kapena m'gulu limene unabadwira.

Pali mzere wina umene Chichewa chimaulandira ngati wake: kunena "ayya" ndiko kumwamba, kunena "elavo" ndiko kumoto. "Elavo" ndi kuitana konyoza. Kwa ife ndi kusiyana kwa "Bambo" ndi "Iwe apo!". Chingerezi chimavutika nawo mzerewu chifukwa chili ndi mawu amodzi okha olozera munthu, koma inu muli ndi "iwe" ndi "inu" m'manja. Gwiritsani ntchito mwayi umenewo m'ndakatulo zonse: kwa Shiva "inu", kwa mtima wake womwe "iwe".

Kagwiridwe kake ndikulangizeni chonchi. Pezani mamasuliridwe awiri a Chingerezi a vachana imodzi, pamodzi ndi mawu a Kannada olembedwa m'zilembo zathu. Werengani kuti mawu ati abwerezedwa kangati, ndipo muwabwereze kangati komweko. Musawonjezere mawu ofotokozera zinthu, musasake mawu omveka mofanana kumapeto kwa mizere. Mukatha, werengani mokweza ngati mukuyankhula ndi munthu amene wakhala patsogolo panu. Pamene lilime lakodwa, pamenepo pali Chingerezi chotsalira.

Nachisale_wa_Ndakatulo analemba:

Zikomo kwambiri agogo, zikomo a Mkoko. Nkhani ya "Bambo" ija yandimasula. Ndawerenganso kuti Basava ndiye ananena kuti "kayakave kailasa", komanso kuti anakhazikitsa nyumba ya malamulo yoyamba padziko lonse. Kodi ndingazinene zimenezi poyambira?

Mlimi_wa_Mawu anayankha:

Mayi, zonse ziwiri zikufunika kuwongola musanazinene.

"Kayakave kailasa" amailemba pansi pa zithunzi za Basava, ndipo ikugwirizana ndi chiphunzitso chake, koma vachana imene mawuwa amapezekamo ndi ya Aydakki Marayya, munthu amene ntchito yake inali kutola mpunga wotayikira pansi. Kayaka ikuchokera ku "kaya", thupi. Ndi ntchito imene munthu amagwira ndi thupi lake moona mtima, pamtengo woyenera, osatenga zoposa zimene akufunikira. Kailasa ndi phiri lokhala Shiva. Ndiye "ntchito ndiyo Kailasa", ndipo dzina la phirilo lisiyeni. Kayaka imayenda ndi dasoha, kupereka zotsala kwa anthu, makamaka chakudya, wopereka akudziona ngati wantchito osati wachifundo. Mkazi wa Marayya, Lakkamma, ali ndi vachana yomudzudzula mwamuna wake atabwera ndi mpunga woposa wa tsikulo. Anamuuza kuti dyera ndi la mafumu, si la anthu a Shiva, ndipo abweze wotsalawo. Mukakhala ndi mpata iwerengeni motsatana ndi ya akachisi ija, anthu amve kuti mawuwa sanali a Basava yekha, nduna ya mfumu.

Nanga "nyumba ya malamulo"? Chimene akunena ndi Anubhava Mantapa, bwalo lokambirana zimene munthu waona yekha m'moyo wauzimu. Mwambo umati linali ku Kalyana, wapampando anali Allama Prabhu, ndipo amuna ndi akazi a magulu onse ankayankhula. Silinkapanga malamulo ndipo panalibe masankho. Chithunzi chake chathunthu timachitenga mu Shunyasampadane, buku limene linasanjidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1400 mwa kulumikiza mavachana kuti amveke ngati zokambirana. Andale a masiku ano amakonda mawu a "nyumba ya malamulo", ndipo chipilala cha Basava chimene nduna yaikulu ya India Narendra Modi anatsegulira ku Lambeth, m'mbali mwa Thames ku London, mu November 2015, chinalimbikitsa kalankhulidwe komweko. Inu ingonenani kuti "bwalo". Amene anakhalapo pabwalo la kumudzi amva msanga, ndipo mudzangowonjezera kuti pa ili wochapa zovala Madivala Machideva ankatha kudzudzula nduna.

Pa nkhani ya kachisi ija ya agogo ndiwonjezere chooneka ndi maso. M'malo mwa linga ya m'kachisi, otsatira Basava amavala yawoyawo, ishtalinga. Ndi kamwala kakang'ono kokutidwa ndi phula lakuda lolimba, kosungidwa m'kabokosi kasiliva kapena kamtengo kolendewera pachifuwa ndi chingwe. Popembedza munthu amakatulutsa, kukaika pachikhatho cha dzanja lamanzere, kukathira madzi, kukapaka phulusa lopatulika lotchedwa vibhuti, kuikapo duwa kapena tsamba, kenako kukweza dzanjalo kufika pa maso n'kumakayang'anitsitsa akunena "Om Namah Shivaya". Wansembe safunika, ndipo mkazi amavala chimodzimodzi ndi mwamuna. Pachifukwa chimenechi chiphunzitso chawo chimakana zodetsa zisanu za mwambo wakale: ya gulu lobadwira, ya kubereka, ya maliro, ya kusamba kwa amayi, ndi ya chakudya chotsala. Wovala linga sangadetsedwe. Akamwalira samuwotcha, amamuika m'manda atakhala tsonga, linga ili m'dzanja lamanzere.

Chenjezo limodzi. Mayina akuti Lingayat ndi Virashaiva ena amawatenga ngati amodzi, ena amakana mwamphamvu. Mu 2018 boma la Karnataka linapempha kuti a Lingayat azindikiridwe ngati chipembedzo chapadera, boma la India linakana. M'gulu lanu mukakhala mlendo wochokera ku Karnataka, nenani "otsatira Basava" kapena "sharana", dzina limene alakatuliwo ankadzitcha okha.

Mkoko_wa_Mbiri anayankha:

A Mlimi anena zoona pa Shunyasampadane, ndipo zikukhudza kusankha kwanu ndakatulo. Pakati pa Basava ndi mipukutu yosanjidwa imene tili nayo pali zaka pafupifupi 250 kapena kuposerapo. Kusonkhanitsa kwakukulu kunachitika mu ufumu wa Vijayanagara, makamaka nthawi ya mfumu Devaraya II. Ankalemba pa masamba a kanjedza ouma, kuzokota ndi kachitsulo kosongoka, kenako kupaka mwaye wosakaniza ndi mafuta kuti zilembo zioneke. Masamba otere amadyedwa ndi chiswe, ndiye ankakoperedwa mobwerezabwereza. Popeza ankita ndi mawu amodzi okha, wolemba wa m'tsogolo ankatha kuika "Kudalasangamadeva" pa mawu ake. Samalaninso ndi ankita ya Channabasavanna, Kudala Channasangamadeva, yomwe pa intaneti imasokonezedwa ndi ya malume ake.

Osonkhanitsawo anasanja mavachana a Basava motsata masitepe 6 a ulendo wauzimu, shatsthala: bhakta, maheshvara, prasadi, pranalingi, sharana, aikya. Nambala ya ndakatulo sikukuuzani chaka chimene inanenedwa, ikukuuzani sitepe imene aiika. Manambala amasiyananso buku ndi buku. Ya akachisi ndi 820 mu Speaking of Siva ya A. K. Ramanujan ya mu 1973, yomwe imatsata kusanja kwa S. S. Basavanal, koma kwina ili ndi nambala ina. Muzilemba mawu oyamba a Kannada, ndiwo sasintha.

Amene anazula mavachana m'nyumba za anthu ndi m'malo achipembedzo ndi F. G. Halakatti, loya wa ku Bijapur (lero Vijayapura), amene anayamba kuwasindikiza mu 1923. Msonkhanitso waukulu ndi Samagra Vachana Samputa, mabuku 15, osindikizidwa ndi boma la Karnataka, mkonzi wamkulu ali M. M. Kalburgi. Muli mavachana oposa 20,000, ndipo a Basava ndi pafupifupi 1,400. Vachana imene mwaiona pa Facebook yopanda mawu oyamba a Kannada komanso yopanda ankita, isiyeni.

Gogo_Chalera anayankha:

Ndinasiya funso la kuimba. Masiku ano amaziimba ndithu, ndipo Mallikarjun Mansur ndi Basavaraj Rajguru anaziimba m'kaimbidwe ka Hindustani, ka kumpoto kwa India. Mverani kamodzi kuti mumve kutalika kwa mavawelo. Koma pa tsiku lanulo lakatulani, musaimbe, chifukwa nyimbo ya Chichewa idzakukakamizani kutalikitsa mizere yofupika.

Sankhani zisanu kapena zisanu ndi imodzi, iliyonse sifika mphindi imodzi. Za Allama zotchedwa bedagu, zonga zilapi, zisiyeni kaye, zimafuna kumasula chizindikiro chilichonse. Yotsekera ikhale "Ivanarava": musalole kuti anene "uyu ngwa yani, uyu ngwa yani, uyu ngwa yani", Bambo; anene "uyu ngwathu, uyu ngwathu, uyu ngwathu"; anene kuti ndi mwana wa m'nyumba mwanu, Kudalasangamadeva. Funso limabwerezedwa katatu, yankho katatu. Pumani pang'ono musanafike pa "ngwathu" woyamba, ndipo dzina lomalizalo mulitchule motsitsa mawu.